Chinkhawa chisanduke Kankhawa: kuumba zilombo za m'buku la ana

Amene akufuna kulemba buku la ana la zithunzi lokamba za nkhawa, mantha, mkwiyo ndi chisoni amakonda kufika pa nzeru imodzi: zimene mwana amamva mumtima tizijambule ngati zilombo kuti azione ndi maso. Nzeruyi ndi yabwino ndipo sinayambe lero. M'zaka za m'ma 1980, Michael White ku Australia ndi David Epston ku New Zealand anaphunzitsa alangizi anzawo kuti vuto ukalipatsa dzina ndi nkhope, munthu amaleka kudziona ngati vutolo ndi iyeyo. Mwana amene tsiku ndi tsiku amamva kuti "ndiwe wamantha" amangoti duu. Mukamufunsa kuti "Chimantha chija chabweranso liti?" pakamwa pamatseguka.

Chovuta n'chakuti kuno ku Lilongwe mawu akuti chilombo ali ndi eni ake. Mwana wa kwa Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Mitundu akamva kuti zilombo zikubwera, saganiza za kanthu kaubweya kobisala kunsi kwa bedi ngati m'makatuni a pa TV. Amaona gule akuchokera kudambwe, fumbi lili koboo, anthu akupatuka panjira. Gule Wamkulu ndi mwambo wolemekezeka, UNESCO inaulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo si nkhokwe yoti wojambula azitapamo nkhope akasowa chojambula. Choncho chigoba chosema, nthenga kumutu, nsanza zolendewera m'chiuno, thupi lopaka matope, miyendo yaitali ngati ya Makanja, thupi loluka ngati la Kasiyamaliro, zonsezi zisiyeni. Mukazitenga mulakwira mbali ziwiri nthawi imodzi: eni mwambo adzati mwanyoza, makolo a mipingo ina adzati bukulo lisalowe m'nyumba mwawo. Ngati simudziwa bwino maonekedwe a zilombo zenizenizo, pitani ku Mua, m'boma la Dedza, mukaone zigoba zimene zili mu Chamare Museum ku Kungoni. Mukaphunzire zoyenera kupewa, osati kukakopera.

Zopewa sizikuthera pa gule. Fisi, kadzidzi ndi lichero louluka ndi za ufiti. Njoka yaikulu yotuluka m'phiri ndi Napolo, ndipo kwa mabanja amene anataya abale m'madzi osefukira imeneyo si nthano yoseketsa. Mano osongoka odontha magazi ndi jakisoni zimakumbutsa mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera mu 2017. Chilombo cha khungu loyera ndi tsitsi lachikasu musachijambule ngakhale pang'ono, chifukwa m'kalasi momwe bukulo lidzawerengedwe mungakhale mwana wachialubino, ndipo dzina la chilombocho adzalisenza ndi iyeyo mpaka amalize Sitandade 8. Chimodzimodzinso linunda, mwendo wotsimphina, diso limodzi lakufa, kapena nsanza za munthu wotola zinyalala pamsika. Mukaziveka chilombo, ndiye kuti mukuphunzitsa ana kuti ulumali ndi matenda a maganizo ndi zinthu zothawa, pamene bukulo mumalilembera kuti lichotse maganizo omwewo.

Funso loyamba limene agogo adzafunse akatsegula bukulo ndi lakuti, "Kodi zimenezi si ziwanda?" Yankho likhale m'chithunzi momwemo, poti inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Chilombo chisalowe m'thupi la mwana, chisatulukire mkamwa mwake, chisachokere kumanda kapena kunkhalango usiku, chisamulankhulitse mawu achilendo. Chiziima pambali pake masanasana dzuwa likuswa mtengo, pabwalo la sukulu, pamjigo, pamzere wa phala. Mukaphonya pamenepa, mwana wovutika ndi nkhawa amene bukulo likanamuthandiza adzatengedwa kukachotsedwa mizimu, kapena adzayamba kulozedwa chala kuti anaphunzitsidwa ufiti. Ine ndimaona kuti ngakhale liwu lakuti chilombo lisalembedwe m'nkhaniyo. Pakati pa inu olemba ndi ojambula muzitchula choncho, koma kwa mwana chikhale ndi dzina lakelake basi.

Nanga maonekedwe muwatenga kuti? M'chilankhulo ndi pakhomo. Musanagwire pensulo, lembani zinthu zinayi pa chilichonse chimene mukufuna kujambula: pamene mwana amachimvera m'thupi, mmene anthu amachinenera, mvekero wake, ndi chinthu cha pakhomo chimene chimachita zofanana. Mkwiyo timati kupsa mtima, nkhope imatentha, maso ali psuu. Chinthu chake ndi mbaula ya makala, kapena mphika wowira chivundikiro chikuvina. Manyazi amagwetsa nkhope, mwana ali zyoli, chala mkamwa. Mnzake ndi bongololo amene ukamukhudza amadzipinda. Mantha ndi njenjenje, mtima kugunda, ndipo amafanana ndi kagalu ka pakhomo kouwa chilichonse, ngakhale tsamba la nthochi likamagwedezeka ndi mphepo. Chisoni chimalemera, munthu ali khuma, dzanja lili patsaya. Pa chisoni ojambula ambiri amathamangira mtambo wa mvula chifukwa anauona m'mabuku akunja, koma kuno mtambo wakuda mu Novembala ndi uthenga wabwino, alimi amaumwetulira. Bulangete lonyowa lokana kuuma pachingwe limanena bwino za chisoni kuposa mtambo.

Tiyeni titsate chimodzi mpaka kumapeto. Nkhawa anthu amati kuganiza kwambiri: ganizo limodzi limakulunga linzake, lina pamwamba pake, mpaka tulo tathawa. Mwana aliyense wa ku Kawale kapena ku Area 25 amadziwa chinthu chimene chimakula choncho, mpira wachikulunga. Pakati pamakhala kapepala kofinya, kenako jumbo pamwamba pa jumbo, chingwe chikuzungulira ndi kumanga mfundo. Chinkhawa chikhale chimenecho: thupi lobulungira la majumbo otuwa ndi akuda, chingwe chopingasa paliponse, timiyendo tiwiri tosakwanira kunyamula thupilo, maso awiri aakulu osaphethira, ndi nsonga imodzi ya chingwe yolendewera kumbuyo ngati mchira. Mwana akaganiza kuti, "Bwanji amayi akapanda kubwerako kuchipatala?" jumbo ina imadzikulunga. "Bwanji aphunzitsi akanditchula kuti ndiwerenge?" Inanso. Ubwino wake ndi wakuti njira imene chimakulira ndi yomweyo imene chimachepera. Mwana akagwira kamchira kaja n'kuyamba kufotokozera munthu wamkulu, chingwe chimamasuka, majumbo n'kumagwa, pakati n'kutsala kapepala kolembedwa chinthu chimodzi chenicheni chimene chinamuopsa poyamba. Wowerenga wa zaka 5 safuna womutanthauzira zimenezi. Anamasulapo mpira ndi manja ake.

Dzina nalo lizikula ndi kuchepa. Chichewa chili ndi chida chimene Chingerezi chilibe: chi- amakuza ndi kunyansitsa, ka- amachepetsa ndi kukometsa. Chigalu ndi kagalu angathe kukhala galu mmodzi yemweyo, chasintha ndi mtima wa wonenayo. Ndiye koyambirira kwa buku ndi Chinkhawa, Chimantha, Chimkwiyo. Kumapeto ndi Kankhawa, Kamantha, Kamkwiyo. Sankhiranitu tsamba limene dzina lidzasinthire, ndipo wolisintha akhale mwanayo ndi pakamwa pake, osati wofotokoza nkhani. Kuyambira patsambalo agwirizanitsi onse atsatire: chinabwera chikhale kanabwera, chija chikhale kaja. Wokonza zolembedwa adutsemo ndi cholembera chofiira kufuna chi- wotsalira, chifukwa amatsalira ndithu. Samalaninso ndi ka- wolowa pakati pa mneni. "Anakagwira" angatanthauze kuti anagwira kanthuko, angatanthauzenso kuti anapita kukagwira, ndipo mwana wa Sitandade 2 amapunthwa pamenepo. Lembani kuti "anagwira Kankhawa", nkhani yatha.

Chisoni chimavuta chifukwa chili kale ndi chi- wake, ndipo Chichisoni sichikoma pakamwa. Komanso alipo ana enieni otchedwa Chisoni, monga alipo a Mavuto ndi a Masautso, ndipo simukufuna kuti anzawo aziwakuwiza poweruka. Pamenepa tengani mvekero: Chindwii ndi Kandwii, kapena Chikhuma ndi Kakhuma. Dzina lililonse litchuleni mokweza kakhumi, kenako mufunse wolankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chilomwe ngati silikumveka ngati kutukwana kwawo. M'makalasi a mumzinda muno muli ana a mitundu yonse.

Zilombo zingati? Buku la ana a zaka 3 mpaka 6, a mkombaphala, likhale ndi chimodzi. La a Sitandade 1 mpaka 4 lingathe kunyamula zitatu. Zikapitirira pamenepo bukulo limasanduka kaundula, tsamba lililonse "uyu ndi wakutiwakuti", nkhani osayenda.

Pojambula musayambe ndi nkhope, yambani ndi mthunzi. Tengani pentopeni yakuda mujambule timithunzi 20 kapena 30 papepala limodzi la A4, kalikonse kosaposa masentimita 3, kodetsedwa konse bii, kopanda maso kapena pakamwa. Mphindi imodzi kalikonse, osakometsera. Kenako sankhani titatu. Chilombo chimene sichidziwika ndi mthunzi wokha sichidzadziwikanso kwa mwana wokhala kumbuyo kwenikweni, pamene aphunzitsi anyamula buku limodzi kutsogolo, kalasi yonse itakhala pansi. Ngati zilombo ndi zitatu, mithunzi isiyane kotheratu: china chobulungira, china chachitali chowerama, china chachifupi chojintcha cha makona.

Kuopsa kuli ndi muyeso ngati mchere m'ndiwo. Chikapanda kuopsa konse, mwana amene nkhawa imamulanda tulo adzati bukuli silikunena za ine. Chikaopsa kwambiri adzalitseka. Katswiri wa khalidwe la nyama Konrad Lorenz anafotokoza mu 1943 zimene zimachititsa kuti kanthu tizikaona ngati kakhanda: mutu waukulu poyerekeza ndi thupi, maso aakulu okhala chakumunsi kwa nkhope, masaya ofufuma, manja ndi miyendo yaifupi. Zimenezi ndiwo mabuleki anu. Mutu utenge pafupifupi theka la msinkhu wonse. Maso atsike kupitirira pakati pa nkhope, mwana wa diso akhale wamkulu, wokhala ndi kadontho koyera. Diso loyera lokhalokha, kapena la kadontho kakuda kakang'onong'ono pakati, ndi limene limabwebwetetsa ana usiku. Mano asapose awiri ndipo akhale obuntha. Zikhadabo ayi. Kuopsako kuchokere ku kukula kwake ndi pamene chaima: chatseka khomo la kalasi, chakhalira kope la masamu, chagona pamphasa pakati pa mwana ndi mng'ono wake. Pankhope ntchito yaikulu imagwiridwa ndi nsidze. Timizere tiwiri tikatsikira pamphuno ndi mkwiyo, tikakwera pakati ndi nkhawa kapena chisoni.

Mukasankha, pangani pepala la muyezo loti likhale pakhoma mpaka buku lithe. Pakhale chilombocho chakumaso, chakumbali, chakumbuyo ndi chopendeka, nkhope 6 zosiyana, ndi misinkhu itatu chitaima pafupi ndi mwanayo: chitamuposa kawiri, chitalekeza paphewa pake, ndi chitachepa mpaka kukwana m'thumba la yunifolomu. Lembanipo manambala: zala zitatu dzanja lililonse, mfundo zinayi, chigamba kumanzere. Zimaoneka zachibwana, koma pofika tsamba 22, patapita miyezi iwiri, dzanja limaiwala, pamene ana amawerenga zala. Cholakwika china chimabwera ndi kompyuta: wojambula amatembenuza chithunzi kuti chilombo chiyang'ane kwina, chigamba n'kusamukira kumanja. Mankhwala otsika mtengo a zonsezi ndi dongo. Umbani kachilombo ka masentimita 10 monga ana amaumbira ng'ombe kudambo, mukajambule ndi foni mbali zonse, cham'mwamba ndi chapansi pomwe, tochi itaunika mbali imodzi kuti muone kumene mthunzi ukugwera. Chinkhawa ndiye chosavuta n'komwe: mangani chikulunga chenicheni, mumatepo maso a zitsekerero za mabotolo.

Mitundu itatu pa chilombo chimodzi ndi yokwana: waukulu umodzi, wothandizira, ndi kadontho kowala. Mtundu usakhale wokha wosiyanitsa zilombo, chifukwa ana ena, makamaka anyamata, sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndiponso buku likakondedwa limathera pa fotokope. Sindikizani tsamba limodzi lopanda mitundu muone ngati chilombo sichikusungunukira m'khoma la kumbuyo kwake. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno mitundu ili ndi zipani. Chilombo chovutitsa mwana chikakhala cha buluu yekhayekha, chachikasu chokhachokha kapena chofiira chonse, makamaka pafupi pakaima tambala wakuda kapena chimanga, wina adzaonamo ndale. Sakanizani.

Khungu la mwana wa m'nkhani ndi limene limawonongeka kawirikawiri kosindikiza. Pa sikirini limaoneka bwino, papepala nkhope yonse yada bii, kungotsala maso ndi mano, ndiye kuti chimene buku lonse likukamba sichikuonekanso. Chimachititsa ndi inki yakuda yochuluka ndi pepala lomwa inki. Posakaniza inki zinayi zosindikizira (C ya buluu, M ya pinki, Y yachikasu, K yakuda), yambirani pa maperesenti awa: C 35, M 60, Y 75, K 25, musiye powala pachipumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo mizere ya nkhope ide moonekeratu kuposa khungu. Chigamulo chomaliza chibwere mutaona pulufu, tsamba loyesera losindikizidwa papepala lenilenilo.

Nkhani muiyese pa kabuku kachabechabe musanapente tsamba ngakhale limodzi. Mapepala 8 a A4 mukawapinda pakati amapereka masamba 32, muyezo wa mabuku ambiri a zithunzi, chifukwa makina amasindikiza masamba m'magulu a 8 kapena 16, ndipo buku lomanga ndi mawaya pamsana liyenera kukhala ndi masamba ogawika ndi 4. Tsamba 1 ndi la mutu, 2 ndi la za umwini, 31 ndi la makolo ndi aphunzitsi, 32 ndi la mwana. Nkhani imatsala ndi masamba 28. M'buku la mawaya, masamba 16 ndi 17 okha ndi amene ali papepala limodzi losadukiza, choncho Chinkhawa chifike pachimake pamenepo, chitadzaza mbali zonse ziwiri. Pena paliponse musaike diso kapena nkhope pamsoko wa pakati, poti mbali ziwirizo zimakhala pa mapepala osiyana ndipo zimaphonyana ndi milimita imodzi kapena ziwiri. Funso liikeni pansi pa tsamba lakumanja, yankho mwana alipeze akatembenuza. Pakhalenso kamzere kobwerezabwereza koti ana onse aziyankha, monga timachitira ndi "tili tonse" panthano.

Chilombo chisafe. Apa ndi pamene olemba ambiri amagwera m'mbuna, chifukwa nthano zinatizoloweza kuti chilombo chimaphedwa, mimba n'kung'ambidwa, anthu n'kutuluka akuimba. Nkhawa siphedwa. Mwana amene mwamuuza kuti inafa, ikabweranso Lolemba m'mawa adzati wolephera ndine. Chichepe katatu, ndipo ulendo uliwonse chochepetsacho chikhale chinthu chimene wowerenga angachite popanda ndalama: kuchitchula dzina, kupuma ngati akuuzira phala lotentha, kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 3, kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono mpaka 5, ndi kuuza munthu wamkulu. Patsamba 28 Kankhawa kabwerenso, tsiku la mayeso, kakhale pakona ya desiki, mwana apitirize kulemba.

Munthu wamkuluyo asakhale mayi kapena bambo nthawi zonse, poti ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo. Mawu ake muwayeze ngati mankhwala, chifukwa makolo owerenga adzawatengera. Asanene kuti "mwamuna salira" kapena "usamaganize zimenezo". Akhale pansi, afanane msinkhu ndi mwanayo, anene kuti, "Ndakumva, mdzukulu wanga. Tandiuza, chimabwera nthawi yanji?" Ndipo pa chithunzi chomwecho, pamfundo ya chitenje pamene agogo amamanga ndalama, pasuzumire kankhawa kawo kakang'ono. Musalembe chilichonse za kameneka. Ana adzaloza okha.

Pali mantha ena amene sayenera kuchepetsedwa. Mwana amene amaopa kutsala yekha ndi munthu wina pakhomo chifukwa amamugwiragwira kapena kumumenya, kagalu kake kakuuwa wakuba weniweni. Buku likangomuphunzitsa kuuzira phala, lamutseka pakamwa. Pakhale tsamba losonyeza mantha akugwira ntchito yake yabwino, mwina akumubweza mwana m'mphepete mwa msewu wa M1 lole ikudutsa, ndi mawu osazungulira akuti munthu akamakupweteka kapena akakuuza kuti usunge chinsinsi, uza wamkulu wina, akapanda kumva uzanso wina. Patsamba la makolo lembani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndi kuti kupolisi kuli Victim Support Unit. Lembaninso zizindikiro zosonyeza kuti buku palokha silikwana: mwana wasiya kudya kapena kusewera kwa masabata, wayambiranso kukodza pogona atasiya kale, akukana sukulu tsiku ndi tsiku, akulankhula zofuna kufa. Zikatero apite naye kuchipatala. World Health Organization imati theka la matenda a maganizo limayamba pofika zaka 14, ndiye si zodikira kuti akakula zidzatha.

Zojambula zikadali za pensulo, pitani nazo kwa ana. Pemphani chilolezo kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa makolo, mphunzitsi wa anawo akhalepo, ndipo musalembe maina kapena kujambula nkhope zawo. Magulu awiri a ana 6 mpaka 8 ndi okwana, lina la mumzinda, lina la kumudzi monga cha ku Nathenje kapena ku Malingunde, chifukwa amaona zosiyana. Aang'ono muwapatule kwa okulirapo, apo ayi mmodzi wolongolola adzayankhira onse. Phimbani mawu. Musafunse kuti "n'chokongola?", poti mwana wolangizidwa bwino amayankha mlendo kuti "eee" ngakhale chinthucho chikumunyansa. Funsani kuti ichi n'chiyani, chikumva bwanji, chimakhala kuti. Ikani zithunzi ziwiri pamphasa mufunse chimene angalole kuyenda nacho kusukulu. Maso anu akhale pa matupi awo kuposa pa mayankho. Wina akasendera kumbuyo, akabisala kumsana kwa mnzake, kapena akanong'ona dzina la gule, bwererani ku timithunzi tija. Akaseka n'kuloza, n'kuyamba kukangana kuti mchira ukuthera pati, mwachipeza. Za mavuto a kwawo musawafunse pagulu, ndipo mugwirizane ndi aphunzitsi pasadakhale chochita mwana akaulula zoopsa.

Akatha ana, akulu: amayi awiri atatu a mother group, abusa, ashehe, ndi wina wodziwa za kudambwe. Pomaliza mawu onse awerengedwe ndi wogwira ntchito ya thanzi la m'maganizo, namwino kapena mlangizi. A Saint John of God ali kuno ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Anthu amenewa amagwira mawu amene wolemba amawadutsa, monga misala ndi kupenga, amene sayenera kupezeka paliponse m'bukulo.

Tsopano za kosindikiza. Ngati mukupenta ndi utoto wa madzi, pepala lokhuthala la 300 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala) silikhwinyata msanga, pamene la 80 gsm la muofesi limachita mafunde, makamaka m'dzinja. Jambulani mokulirapo kuposa tsamba lenileni, chifukwa chithunzi chikachepetsedwa chimathwa, chikakuzidwa chimasweka. Sikanani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) kapena kuposa. Opanda sikana ajambule ndi foni pakhonde m'mawa, pamthunzi, popanda fulashi, foni italunjika pamwamba penipeni pa pepala, ndipo pa WhatsApp atumize ngati Document, apo ayi chithunzi chimafika chitafinyidwa. Pa kompyuta, Krita yopentera ndi Scribus yoyalira masamba ndi zaulere ndipo zimakwana ntchito yonse. Sevani pafupipafupi, magetsi satsanzika.

Tsamba la masentimita 21 mbali zonse, mukawonjezera bleed (mbali ya chithunzi yopitirira pamene mpeni udzadule) ya mamilimita 3 kuzungulira, limakhala mamilimita 216, ndiye mapikiselo 2551 mbali iliyonse pa 300 dpi. Popanda bleed, mpeni ukaphonya pang'ono m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Mawu akhale mamilimita 12 kuchokera m'mphepete. Makina amasindikiza mu CMYK, inki zinayi zija, ndipo buluu wowala, pepo ndi wobiriwira wonyezimira wa pa sikirini amazilala. Onani zimenezi posankha mitundu, osati buku litatha. Mawu akhale akuda a K 100 yekha, chifukwa akuda osakaniza inki zinayi amachita chimthunzi mapuleti odindira inki iliyonse akaphonyana. Zilembo zikhale za kukula kwa pakati pa 18 ndi 22 pt, za a ndi g ofanana ndi amene ana amalemba m'kope. Fonti ya Andika, ya bungwe la SIL, inapangidwira oyamba kuwerenga, ndi yaulere, ndipo ili ndi ŵ, pamene mafonti ena okongola amasiya kabokosi pamalo pake. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho musawerenge mawu, werengani mizere: itatu patsamba ndi yokwana, ndipo liwu lisadulidwe kumapeto kwa mzere.

Mkati mukhale pepala la 150 gsm losanyezimira, chikuto cha 300 gsm chokutidwa ndi laminesheni. Makope ochepa, 200 kapena 300, kawirikawiri amatsika mtengo pa makina a dijito; offset, njira yosindikiza ndi mapuleti, imapindula makope akachuluka, chifukwa ndalama ya mapuleti imagawanika. M'thumba mukakhala mopepuka, inki ziwiri zokha, yakuda ndi ina imodzi, zimatulutsa buku laulemu wake: dziko lonse lotuwa, chilombo chokha cha mtundu. Funsani mitengo malo atatu, ndipo musasaine popanda pulufu ya papepala.

Wolemba ndi wojambula alemberane pangano ntchito isanayambe. Mwini wa Chinkhawa ndani? Chikadzafunidwa pa positala, pa malaya kapena pa katuni, adzalandire ndani? Ubwenzi wambiri umathera pamenepa. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, ali mumzinda momwe muno. ISBN, nambala yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba.

Tsamba 32 likhale ndi mzere umodzi, "Jambula chako", ndi malo oyera. Pensulo ndi chekeni zimaterera papepala lonyezimira, ndipo ngakhale losanyezimiralo liyeseni kaye pa pulufu muone ngati likugwira. Pa makope opita ku laibulale, monga ya National Library Service ku City Centre, kapena kusukulu kumene buku limodzi lidzadutsa m'manja mwa ana ambirimbiri, mzerewo usinthe: ajambule m'kope, pa sileti kapena pamchenga. Ndipo patsamba 31 auzeni aphunzitsi kuti chojambulacho asachichonge, asapereke malikisi, ndipo asachipachike pakhoma mwini wake asanavomere.